Boti Lili pa Dzina la Manase

Warrnambool,
18 Meyi

Okondedwa Ababa,

Ndayamba ndi kuthokoza Mulungu amene watisunga tonse kufika lero. Muli bwanji kwathu ku Foa? Bondo lija likukulolani kupita kumunda, kapena mukungolamula muli pakhonde? Nanga Amayi shuga wawo ali pati? Muwauze asiye kubisa mabisiketi m'kabati ya mbale, mkazi wanga Losaline akuti anamva zonse kwa achemwali. Denga la khitchini munalikhoma mphepo ija itapita?

Kalatayi ndapatsira a Kitione, adikoni a kumpingo kwathu kuno, akubwera kuzilumba kwathuko ku Ha'apai kudzaika mwala pamanda a mayi awo. Mudabwa kuti bwanji sindinangoimba foni. Pa foni inu simumva bwino, ndiye mumatsegula mawu, nyumba yonse n'kumamva mpaka ana a kwa aneba. Nkhani iyi ndi ya inu ndi ine. Mukhululuke kalembedwe, mukudziwa pamene ndinalekezera sukulu. Ndailemba masiku anayi, pa nthawi yopuma ku ntchito.

Ife kuno tilipo. Kukuzizira kwambiri, koma anthu akuti sikunayambe n'komwe. Mdzukulu wanu Lupe wakwanitsa zaka zinayi, anali ndi chifuwa sabata ziwiri, tinapita naye kuchipatala anati n'cha mphepo basi. Ine sindinakhutire, ndinamata mazenera onse ndi tepi. Kelepi watuluka mano awiri ndipo akuluma aliyense. Ntchito ku fakitale ya nyama ikuyenda, andiika kochotsa mafupa. Ndidakali pa miyezi isanu ndi umodzi yoyesedwa, ndiye sindichedwa, sindiyankha abwana, sindifuna dzina langa limveke paliponse.

Tsopano ndinene za boti.

Mukulikumbuka, chithunzi chake munachipachika pafupi ndi kalendala. Ndinaligula kwa mdala wina ku Caboolture pamene Losaline anali woyembekezera Lupe. Linali litakhala zaka kuseri kwa shedi, m'kati muli madzi a mvula ndi achule. Mamita anayi ndi theka, mabowo asanu ndi awiri. Onsewo ndinawotcherera ndekha. Injini ndinaimasula yonse pakhonde, mabauti ndinkasunga mu poto wa Losaline mpaka anandilumbirira kuti adzawaphika ndidye. Zinanditengera miyezi khumi. Mwana atabadwa ndinalemba dzina lake m'mbali zonse ziwiri ndi penti ya buluu, LUPE, zilembo zinayi, sindikanalakwitsa.

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwanga simunasowe nsomba. Ndipo Loweruka lililonse ndikabwerako kunyanja, ndisanafike kwanga ndinkayamba ndaima kwa Manase ku Logan. Nsomba yaikulu pa zonse inkatsika pamenepo. Ndi mwana wa azakhali a Tilisa, mwana wa mlongo wanu, sindinadikire kuti wina andikumbutse.

Tsiku logula botilo Manase tinali limodzi. Mdala uja atatulutsa mapepala ine thukuta linayamba, mukudziwa mmene ndimachitira ndikaona timabokosi tolembamo. Manase anaseka, amvekere, "Msuweni, iwe ndi zilembo munadana kalekale. Bweretsa kuno. Iwe gwira sipanala, ine ndigwira bolopeni." Anapita yekha ku ofesi, anabwera ndi nambala, ine ndinamata pa boti. Makalata a chaka ndi chaka ankafikira kwa iye. Ankangondiuza kuti nthawi yakwana, ine n'kumupatsa zofunika, n'kumuthokozanso kuti ndili ndi msuweni wophunzira.

Ngolo yokoka ndi galimoto imene inabwera itanyamula botilo inali yodyeka ndi dzimbiri, inathyoka patatha zaka ziwiri. Ndinagula ina yogwirapo kale ntchito kwa mayi wina wamasiye ku Ipswich. Nthawi imeneyo Manase anali kwanuko ku Khirisimasi, ndiye mapepala a ngoloyo anayendetsa ndi Losaline. Sitinaone chifukwa chomuuzira, inali nkhani yaing'ono.

Tsiku losamuka ku Brisbane kubwera kuno ku chigawo cha Victoria, mu Febuluwale, Manase anabwera m'mawa kudzatithandiza. Malamba omangira boti pa ngolo anakoka ndi manja ake, anayesa magetsi akumbuyo, anadya nafe, anatipempherera. Pageti analira, Ababa. Ananyamula Lupe n'kumuuza kuti asadzaiwale atate ake aang'ono. Tinayenda masiku atatu. Ku Dubbo tayala limodzi la ngolo linatentha, ndinakhala pansi pa msewu maola awiri ndikuthira girizi, ana ali pamthunzi. Ndinkaima pa makilomita zana alionse kugwira malamba aja ngati alimba. Anali olimba. Manase amadziwa kumanga.

Kuno tili ndi aneba, a Merv, mdala amene anagwira nkhanu za m'nyanja moyo wake wonse. Tsiku loyamba lomwe anasuzumira pampanda, amvekere, "Mnyamata iwe, kabeseni kakoka kazolowera madzi osambira a ku Queensland. Kuno nyanja imaluma." Koma ndi iwo amene anandionetsa potsetserekera maboti ndi malo a nsomba. Ndinalowa m'madzi kanayi. Ulendo wachiwiri tinabwera ndi nsomba zofiira zisanu ndi imodzi, Losaline anaphika ndi mkaka wa kokonati, ana anadya mpaka kugona pampando. Ndinati basi, malo ano tikhala.

Ndi a Merv omwewo anandichenjeza kuti nambala za chigawo china, monga zanga za ku Queensland, zimatha mphamvu ukakhala kuno miyezi itatu. Akuti boti palokha, ngolo payokha, chilichonse chili ndi pepala lake, ndipo ukachedwa apolisi a panyanja samva zoti sindinkadziwa. Ndinawerenga pa kalendala, tsiku lomaliza linali 10 Meyi. Sindinafune kudikira. Kumayambiriro a Malichi ndinapempha theka la tsiku ku ntchito, ndinakoka boti kupita ku ofesi yolembetsa magalimoto ndi maboti.

Anatuluka mayi wina wachikulire ndi tochi ndi tepi yoyezera. Anagwada n'kuwerenga nambala yodindidwa pakhosi pa ngolo, anayeza kutalika, anaona magetsi. Anapita kumbuyo kwa boti n'kuwerenganso nambala ya pamenepo ndi ya injini. Anayamikira kuti powotcherera pali bwino. Ine mtima unali m'malo. Titalowa m'kati anagogoda pa kompyuta, kenako anachotsa magalasi n'kundifunsa kuti a Manase Lolohea ali kuti.

Ndinati ali ku Logan, bwanji?

Anati boti ndi lawo.

Ndinaseka, Ababa. Ndinati ayi mayi, ameneyo ndi msuweni wanga, anangondithandiza kulemba. Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Ine sindiwerenga msanga, koma dzina langa ndimalidziwa, ndipo panalibe. Amvekere, "Bambo, ine ndikukukhulupirirani, manja anuwo akuoneka kuti ndi amene anakonza botili. Koma makinawa sadziwa msuweni." Anandipatsa fomu, anachonga ndi cholembera chachikasu malo awiri oti mwini wake asaine kuti wandipatsa. Anati ngolo ilibe vuto, ili m'dzina langa, akhoza kuilembetsa pompo. Ine ndi uchitsiru wanga ndinati ayi, ndidzapanga zonse limodzi sabata ya mawa, msuweni wanga sachedwa.

Fomuyo ndinaitumiza kwa Manase tsiku lomwelo. Ndinaikamo envelopu ina yolembedwa kale adiresi yanga, sitampa yomata kale, kuti asavutike ndi chilichonse. Nditamuimbira anati, "Aaa, zazing'ono izo, ndisaina mawa." Mawa linadutsa. Kenako ananyamuka kubwera kwanuko ku phwando la azakhali la zaka makumi asanu ndi awiri. Ine sindikanatha kubwera chifukwa cha ntchito yatsopano, munandimvetsa, ndinatumiza makatoni awiri a nyama. Atabwerako foni yanga anasiya kuyankha. Epulo yense ndinaimba. Uthenga ankawerenga, chizindikiro chinkaoneka, koma zii. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina akudwala, ndinafunsa mkazi wake, anati ali bwinobwino, ali ku mpira.

Lamulungu lomaliza la Epulo titaweruka ku tchalitchi ndinatenga foni ya a Merv, nambala yoti saidziwa. Anayankha kulira kwachiwiri.

Atamva mawu anga sanadabwe n'komwe. Amvekere, "Eee, mfumu ya ku Victoria! Simunaume ndi chisanu?" Ndinamufunsa za fomu. Anati inafika, pepala labwino lolimba, mwana wake wajambulapo galu kumbuyo. Ndinati nthawi ikutha, kwatsala sabata ziwiri. Pamenepo anasiya kuseka. Anati boti silisintha dzina, likupita kwa mayi ake ku Foa, malo mu kontena anapeza kale.

Ndinati mwati bwanji? Ndinapezeka ndikumutchula kuti inu, munthu amene ndinkagona naye mphasa imodzi.

Amvekere, "Malume anandipatsa. Funsa aliyense, panali anthu mazana awiri."

Ndikulemberani mmene iye ananenera, sindikuwonjezera. Akuti pa phwando paja, azakhali atakhala pamwamba pa mikeka ndi ziwondo zawo, nsalu za makungwa zija, polankhula anati mwana wa mchimwene wawo wathawa ndi boti kupita kumapeto a dziko, wasiya mwana wawo akudya nsomba za m'chitini. Anthu anaseka. Ndiye akuti inu munaimirira ndi bondo lanulo, munawerama, munati chilichonse chili m'nyumba mwa mwana wanga chili m'manja mwanu, botilo tengani. Akuti anthu anaomba m'manja ndipo azimayi ena anadzuka kuvina.

Kenako ndinamufunsa chinthu chimodzi. Ndinati tsiku lija ku Caboolture, polemba dzina lanu m'malo mwa langa, munkadziwa chimene mukuchita? Anati, "Msuweni, pepalalo linakhala patebulo pako sabata yathunthu. Ukanawerenga."

Anapitiriza ngati tikukamba za nyengo. Akuti afika pa 14 Juni pa ndege, abwereka galimoto, akoka boti mpaka ku doko la Melbourne. Amvekere, "Upope matayala a ngolo, uthire girizi, usandichititse manyazi panjira. Majekete opulumukira m'madzi aja usachotsemo."

Mukudziwa chimene ndinayankha? Ndinati ndamva. Mawu amene munandiphunzitsa. Anatuluka okha.

Ababa, ine sindikulimbana ndi mwambo. Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi ndinali ndi kankhumba ka khutu lakuda, ndinkakadyetsa kokonati ndi manja. Manase anabwera ndi azakhali, anakaloza. Inu munamasula chingwe nokha n'kumupatsa, munandiyang'ana, munati mwana wa azakhali akaloza chinthu sumukaniza ndipo sulira. Sindinalire. Nsapato zanga za mpira anatenga, wailesi anatenga, jekete ya ukwati anabwereka osabweza. Simunamvepo dandaulo langa. Ndikudziwa malo a azakhali pa ife, ndipo ndikudziwa kuti nanenso ndikapita kwa amalume anga ndimachoka ndi nkhuku.

Koma kankhumba kaja anakaloza masana, ndikuona, nonse mulipo. Mwambo umene munandiphunzitsa uli ndi chala ndipo uli ndi maso. Sunanene kuti munthu atenge bolopeni chifukwa mnzake sadziwa kuwerenga, alembe dzina lake, akhale chete zaka zinayi akudya nsomba yaikulu Loweruka lililonse. Akanabwera kwanga ku Brisbane n'kunena kuti Sunia, botili ndalifuna, ndikanapita kuseri kwa nyumba kukapuma, ndikanabwera n'kumupatsa makiyi. Anasankha njira inayo.

Ndipo inu, Ababa. Mundikhululukire, mwana safunsa bambo ake, koma ndafika pamenepo. Kuchokera pa phwandolo tayankhulana katatu. Munandiuza za mvula, za mbuzi ya amalume a Paula imene inadya mbatata, za mtengo wa malata. Munandifunsa ngati nsomba za kuno zikukoma. Tsiku limenelo ndinakuuzani kuti Lupe akufuna adzagwire yake yoyamba akakula pang'ono, inu munaseka n'kunena kuti watengera agogo ake. Ngati zimene akunena Manase n'zoona, pamene munkasekapo munali mutapereka kale.

Losaline nditamuuza anaponya thaulo pansi. Mukudziwa anakulira ku Auckland, zathuzi amazilemekeza koma sanazimwe ndi mkaka. Amvekere, "Bambo a Lupe, mwati mwamva? Mwamva chiyani? Miyezi khumi ndinkaphikira m'sefuliya chifukwa poto wanga munali mabauti, lero mukuti mwamva?" Anapita kuchipinda n'kubwera ndi khadi la ubatizo wa Kelepi, pamene Manase anasaina ngati mboni. Anati saini yake ndi iyi, n'kamzere ndi mchira basi, mundipatse fomu ina ndi mphindi zisanu. Ndinakana. Ndinati akatigwira, ntchito yatha, mapepala okhalira m'dziko muno atha, ana awiriwa tipita nawo kuti? Anati ndine nkhosa. Masiku awiri chakudya ankangoika patebulo osandiitana. Tsiku lachitatu ndinamupeza akulira m'galimoto, anati sakulirira boti, akulirira nsomba zonse zija zimene ankasankha yekha yaikulu n'kuikulunga bwinobwino.

A Merv ndinayesa kuwafotokozera za azakhali. Anamvetsera atatsamira mpanda, kenako amvekere, "Ndiye kuti mwana wa mlongo wanga akhoza kubwera kudzatenga galimoto yanga? Ameneuja? Ndingamuthyole miyendo." Anati botilo tikalimize pakati pa nyanja, azakhali akowo abwere adzaliwedze okha. Ndinaseka koyamba sabata imeneyo. Atatha nthabwala anandiuza kuti ndibwererenso ku ofesi ndikafunse ngati pali njira ina.

Ndinapita. Mayi uja anandikumbukira. Ndinamuonetsa zithunzi za boti lili ndi achule, lili pakhonde, injini ili zidutswazidutswa. Anaziona zonse mosathamanga. Anati mwini wake akanakhala kuti anamwalira kapena anasowa, ikanakhala nkhani ina. Koma poti alipo ndipo akukana, iye sangachite kanthu, njira ndi kukhoti. Ndinathokoza n'kutuluka. Ine kukaima kukhoti la azungu ndi mwana wa mlongo wanu? Nkhani ingafike ku Foa ndege isanatere. Mungakhale pati mu tchalitchi? Amayi angagule chiyani kusitolo anthu osawaloza? Zimenezo sindichita.

Ndiye mumve zimene ndachita.

Lachisanu pa 9 Meyi, kutatsala tsiku limodzi, ndinapemphanso theka la tsiku. Ndinapita kukalembetsa ngolo. Losaline anafuna kubwera kuti adzalembe, ndinati ayi. Fomu ndinadzaza ndekha, kabokosi kamodzikamodzi, chala chili pansi pa mzere. Zinanditengera pafupifupi ola. Anthu ankandidutsa pamzere, sindinasamale. Pamene sindinamve ndinkafunsa, mayi uja ankandiyankha osaseka. Nditamaliza ndinawerenganso kawiri kuyambira pamwamba, ndinaona dzina langa malo atatu, ndipamene ndinasaina. Anandipatsa nambala yatsopano, ndinaimanga pa ngolo pomwepo panja, ndi sikuludiraiva ya m'galimoto.

Loweruka m'mawa a Merv anabwera ndi matayala akale asanu ndi atatu. Tinawayala kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mpanda. Boti tinalimanga kumbuyo ndi chingwe ku mtengo, ine ndinakoka ngolo pang'onopang'ono, iwo akuika matayala pansi. Linatsika bwino, silinakandike. Mafuta ndachotsa, injini ndaitsuka ndi madzi a pampopi, ndaithira oilo, ndafunditsa lona. Zonse zimene zalembedwa pa pepala la Manase zilipo, boti ndi injini. Nangula ndasiya, majekete aakulu ndasiya. Kajekete ka Lupe kokha ndachotsa, n'ka mwana, Manase sikangamukwane.

Kenako ndinatenga sandipepala. Dzina la mwana wanga silingapite kukakhala pagombe pa anthu ena. Ndinayamba mbali ya kumanzere. Ndili pa chilembo chachitatu Lupe anatuluka ndi buledi m'manja. Zilembo zinayi zimenezo ndi zokhazo zimene amadziwa. Anandifunsa kuti adadi, mukufufutiranji dzina langa? Ndinati dzina likusamuka, monga tinasamukira ife. Anati likupita kuti? A Merv ndi amene anamuitana kuti akaone galu wawo, ine ndinamaliza mbali inayo.

Moti pano Loweruka lapitali sindinapite kunyanja. Ngolo ndaikapo matabwa, ndinakatenga nkhuni kwa mlimi wina, m'nyumba mwafunda ndipo chifuwa cha Lupe chasiya. Nsomba tagula kusitolo, zoundana, Losaline anaziphika.

Manase sindinamuuze za ngolo. Iye akuganiza kuti nayonso ili pa dzina lake, sanafunse, sanawerenge. Akadzafika pa 14 adzapeza boti lake lili pa matayala, mtunda wa maola atatu kuchokera ku doko, ndipo pepala la ngolo lidzakhala patebulo panga. Likhoza kukhalapo sabata yathunthu ngati akufuna.

Mudzati akhoza kuloza ngolo nayonso. Ndaganizapo. Aloze. Aime pabwalo panga masana, Losaline ali pakhomo, Lupe ali pamenepo, atukule chala. Ndikufuna ndione ngati chala chimenecho chikugwirabe ntchito popanda bolopeni.

Koma sindikufuna zifike pamenepo ndisanamve kwa inu, ndipo pempho langa ndi limodzi lokha. Sindikupempha kuti mukalankhule ndi azakhali, ndikudziwa simungathe, ndi mlongo wanu. Sindikupempha kuti mubweze mawu. Ndikungofuna mundiuze ngati munanena kapena simunanene.

Ngati simunanene, boti likhala pa matayala mpaka Manase adzapeze njira yake yolinyamulira, ngakhale pamutu. Sindidzamutchinga, sindidzamuthandiza.

Ngati munanena, lembani kuti ndinanena. Manase asavutike ndi kubwereka galimoto. Ndidzalikweza ndekha pa ngolo, ndidzamanga malamba, ndidzalikoka mpaka ku doko, chifukwa mawu anu sangagwe pansi pamaso pa anthu mazana awiri ine ndili moyo. Ndidzabwerera ndi ngolo yopanda kanthu. Mudzaliona likufika ku Foa, mudzalidziwa, m'mbali muli malo awiri oyera pamene panali penti ya buluu. Mukamadutsa pagombe popita ku tchalitchi muzidzaliyang'ana ngati alifunditsa, injini imeneyo sifuna kusiyidwa ndi madzi a mchere.

Sabata yatha achemwali anaimba foni, ndinawafunsa ngati analipo pa nthawi ya zolankhula. Anati foni ikudukaduka. Sinkaduka, ndinkamva tambala wanu akulira kumbuyo. Ndiye mwina yankho ndikulidziwa kale. Komabe ndikufuna lichokere kwa inu, osati kwa Manase, osati pa foni nyumba yonse ikumva. Mulembe ndi dzanja lanu. Musauze achemwali kapena mwana wa sukulu kuti akulembereni. Ngakhale mawu awiri okha, ndidzawerenga ndekha. Masiku ano ndimawerenga chilichonse chisanachoke patebulo.

Mupereke moni kwa Amayi, muwauze mankhwala a miyendo ali m'chikwama cha a Kitione pamodzi ndi juzi yanu. Moni kwa achemwali a Seini ndi alamu, kwa mng'ono wanga Folau, mumuuze asasiye sukulu ngakhale atamva kuti kuno kuli ntchito, amalize. Moni kwa amalume a Paula ndi ana awo onse. Kwa azakhali a Tilisa mupereke ulemu wanga monga mwa nthawi zonse, ndikhulupirira nyama ya phwando inafika ili bwino. Losaline akupereka moni kwa inu ndi Amayi. Lupe wajambula dzanja lake kuseri kwa tsamba lino, Kelepi waluma pakona.

M'kalata muno ndaikamo pepala loyera, bolopeni, ndi envelopu yolembedwa kale dzina langa. Ndalemba ndekha. A Kitione anyamuka kumeneko pa 6 Juni. Envelopu ina yotere ndinatumiza ku Logan, sinabwerere. Iyi ibwerere, Ababa.

Ndine mwana wanu,
Sunia